Bemberezi Amene Waboola Phaso Lathu

Mawu owerenga: Yobu 12:7-10, Deuteronomo 22:6-7, Deuteronomo 25:4



Pa ndime yoyamba imene tawerenga, Yobu wakhala paphulusa, thupi lonse lili zilonda zokhazokha, ndipo anzake amene anabwera kudzamupepesa asanduka aphunzitsi. Aliyense akufotokoza za Mulungu ngati kuti amadyera naye mbale imodzi. Poyankha Zofari, Yobu akuwatumiza anzakewo ku sukulu imene sanaiganizirepo. Akuti apite akafunse kwa nyama, kwa mbalame, kwa nthaka ndi kwa nsomba, chifukwa zimenezi zikudziwa kale chimene anthu anzeruwa aiwala: palibe chamoyo chimene chimadzisungira chokha moyo, zonse zikupuma chifukwa Mwini wake wazigwira m'manja.

Tikanena zophunzira kwa tizolengedwa tating'ono, ambiri timathamangira kwa nyerere ya m'buku la Miyambo kapena kwa njuchi ya mumng'oma. Njuchi ya mumng'oma ndi yosavuta kuiyamika, pakuti ntchito yake timailawa ndi lilime. Mwezi uno ndikufuna tikafunse kwa mbale wake amene sanatipatsepo uchi ngakhale dontho limodzi, amene ambiri timamudziwira pa utuchi umene timasesa pakhonde m'mawa. Ndikunena bemberezi.

Mlandu wake tonse tikuudziwa. Amaboola phaso, amaboola nsanamira ya khonde ndi mtanda wa nkhokwe, ndipo nthawi zina saopa ngakhale benchi la m'tchalitchi limene silinapakidwe vanishi. Akamauluka amalira ngati njinga yamoto ili patali, ana n'kumathawa. Ndi wamkulu, wakuda, wooneka waukali. Choncho chiweruzo chimagwa msanga. Wina atenga tsache, wina avula patapata, wina athira parafini m'bowomo kapena kukhomerapo kamtengo mwini wake ali m'kati. Koma kwathu kuno, ngakhale pabwalo la amfumu, mlandu sautha mbali inayo isanalankhule. Nikodemo anawakumbutsa Afarisi anzake zomwezi pa Yohane 7:51. Tiyeni timumve kaye bemberezi.

Poyamba tidziwe kuti bemberezi ndi njuchi. Sali m'gulu la mavu, ndiponso si chikumbu. Akatswiri a sayansi amati pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya njuchi yoposa 20,000, ndipo mwa imeneyi ndi yochepa kwambiri imene imapanga uchi woti munthu n'kufula. Yambiri ilibe mng'oma, ilibe mfumukazi, ilibe gulu lankhondo. Mayi aliyense amadzimangira yekha ndi kudzilerera yekha. Abemberezi paokha alipo mitundu pafupifupi 500, ndipo ophunzira amawatchula ndi dzina lakuti Xylocopa, lochokera ku Chigiriki, kutanthauza wodula mtengo. Mtundu umodzi wodziwika kuno kummwera kwa Africa ndi Xylocopa caffra. Wamkazi wake ndi wakuda, wa mizere iwiri yachikasu yopingasa pamsana, ndipo kumadera ena mizereyo imakhala yoyera. Wamwamuna ndi wachikasu thupi lonse. Anthu ambiri amayesa kuti ndi tizilombo tiwiri tosiyana, pamene ndi mayi ndi bambo a nyumba imodzi.

Wamwamunayo ndiye uja amaima m'malere pafupi ndi chitsamba cha maluwa, kuthamangitsa mnzake aliyense wodutsa, mwinanso kukubwererani kumaso inu amene mukungopita kudimba. Phokoso lonselo, koma mbola alibe. Ngakhale mutamugwira m'manja sangakulumeni. Apa ndisanene zambiri, popeza abambo athu amawerenga nawo kalatayi. Wamkazi ndiye ali ndi mbola, ndipo ikakulasani imapweteka ndithu, koma saitulutsa wamba. Amaluma munthu amene wamufinya kapena wapisa chala m'bowo mwake. Akalumanso saitana anzake kuti adzakuunjikireni monga zimachitira njuchi za mumng'oma, chifukwa alibe gulu loti aliitane.

Tsopano tione chimene chili kuseri kwa kabowo kaja. Wamkazi amasankha mtengo wouma, makamaka wosalimba kwambiri ndi wosapakidwa utoto: nthambi yakufa, nsungwi, mtengo wa duwa la khonje utauma, kapena phaso la nyumba yathu. Amaboola ndi zibwano zake, pang'onopang'ono, kwa masiku ambiri. Khomo lake limakhala lozungulira bwino ngati laboola mmisiri, kukula kwake koti nsonga ya chala n'kulowa. Akalowa pang'ono amakhota n'kumatsata utali wa mtengowo. Mtengowo sadya ayi. Chiswe ndicho chimadya mtengo. Bemberezi amangokumba, utuchi n'kumaukankhira kunja, ndipo ndi umene timaupeza pansi m'mawa.

Ngalandeyo ikatha, amayamba maulendo a kumaluwa. Amatuta mungu, ufa wachikasu uja wa m'maluwa, pa ubweya wa miyendo yake yam'mbuyo, amamwanso timadzi totsekemera ta m'duwa. Akafika kunyumba amasakaniza ziwirizi n'kuumba kamtanda, monga mmene ife timaumbira mtanda wa nsima. Kamtandako amakaika kumapeto kwenikweni kwa ngalande, n'kuikirapo dzira limodzi. Dziralo ndi lalikulu modabwitsa. Mwa mitundu ikuluikulu limafika masentimita 1.5 m'litali, ndipo mazira a abemberezi ali m'gulu la mazira akulu kwambiri pakati pa tizilombo tonse touluka. Akatero amatenga utuchi wina, kuunyowetsa ndi malovu, n'kumanga kakhoma kotseka chipindacho. Kenaka amayambanso: mtanda wina, dzira lina, khoma lina, mpaka zipinda zitandandalikana ngati mfundo za nzimbe.

Taonani bwino apa, amayi. Dzira silinaswe, mwana sanaoneke, koma chakudya chake chonse chakonzedwa kale, chokwanira kuyambira tsiku loswa mpaka tsiku lomera mapiko. Kamphutsi kakaswa sikapita kwina kukafuna. Kamadya chimene mayi anasiya, kamakula, kamagona tulo tosinthira thupi, ndipo pakapita masabata angapo kamaboola khoma n'kutuluka kali bemberezi wathunthu. Mtumwi Paulo pa 2 Akorinto 12:14 ananena za udindo wa makolo wosungira ana awo, ndipo kachilombo aka kamauchita udindowo popanda woulalikira. Mwa mitundu yambiri mayiyo amakhalabe m'nyumbamo mpaka ana atatuluka, n'kumawadyetsa timadzi ta m'maluwa pakamwa ndi pakamwa masiku oyamba. Nthawi zina mwana wamkazi wamkulu amatsala pakhomo kulondera pamene mayi wapita kokatuta, kuti nyerere ndi adani ena asalowe. Nyumba yomweyo imatha kugwira ntchito mibadwo ingapo, ana n'kumangoonjezera zipinda pa ngalande ya mayi wawo.

Makolo athu anachiona chilombochi bwino kuposa ife, n'chifukwa chake anatisiyira mwambi wakuti bemberezi adziwa nyumba yake. Paphaso pakhoza kukhala mabowo asanu ofanana, koma iye akabwera kuchokera kutali salowa mwa mnzake. Ofufuza anaona kuti njuchi zoterezi zikamachoka pakhomo latsopano zimayamba zatembenuka, kuyang'ana khomolo, kuuluka mozungulira pang'onopang'ono n'kumatalikira, kuti zisunge m'mutu maonekedwe a malowo. Ndiye mukamuona bemberezi akuzungulira pakhonde akuyang'ana kudenga, nthawi zambiri sakufuna inu. Akuloweza njira ya kwawo.

Chinthu china chofunika kuchisunga ndi ichi. Mfumukazi ya njuchi za mumng'oma imatha kuikira mazira oposa 1,000 pa tsiku limodzi. Njuchi khumi zikafa, mng'oma sudziwa n'komwe. Bemberezi wamkazi amaikira mazira owerengeka chabe, ndipo lililonse lamudyera maulendo ambirimbiri. Patapata mmodzi akagwa pa iye, kapena parafini akalowa m'bowo, banja lonse latha tsiku lomwelo. Mudzi ukhoza kuwamaliza abemberezi ake m'zaka zochepa popanda wina kuzindikira.

Nanga atatha, tingataye chiyani? Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo tiyenera kuchoka pakhonde kupita kumunda.

Kuti duwa lisanduke chipatso kapena nyemba, pafunika kuti mungu uchoke ku mbali yachimuna ya duwa ukafike ku mbali yachikazi. Chimanga chimathandizidwa ndi mphepo: mungu umagwa kuchokera ku ngayaye n'kutera pa ndevu za chisononkho. Koma mbewu zambiri za ndiwo ndi zipatso zimafuna wonyamula. Mu 2016 bungwe la akatswiri a m'mayiko ambiri lotchedwa IPBES linalengeza kuti mwa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zimene anthu amadya pa dziko lapansi, itatu imapindula ndi tizilombo ndi nyama zonyamula mungu, ina kwambiri, ina pang'ono. Ndipo pa ntchito imeneyi pali zina zimene bemberezi amatha koma njuchi ya mumng'oma singathe.

Tengani duwa la phwetekere kapena la mabiringanya muliyang'anitsitse. Mungu wake suli poyera. Watsekeredwa m'timatumba tachikasu tili pakati pa duwa, ndipo umatulukira pa timabowo tating'ono, monga mchere wa m'botolo lobowola pachivindikiro umene sutuluka mpaka wina aligwedeze. Njuchi ya uchi ikafika pamenepo ilibe chochita, ndipo nthawi zambiri imangodutsa. Bemberezi amaligwira duwalo, kupinda thupi, n'kunjenjemeretsa minofu ya pachifuwa imene amaulukira, mapiko ali chipindire. Mukakhala pafupi mumva kulira kwake kukusintha, kukhala kwakuthwa ndi kwakufupi. Mungu umafwamphuka, wina n'kugwera pa mbali yachikazi ya duwa lomwelo, wina n'kumatirira pamimba pake kupita nawo ku duwa lotsatira. Phwetekere amatha kubereka ngakhale ndi mphepo yokha yomugwedeza, koma duwa limene lagwedezedwa bwino limagwira mbewu zambiri m'kati, ndipo chipatso chake chimakula modzaza. Mitengo ya kesha imene tinadzala m'masukulu ndi m'matchalitchi ili ndi maluwa a mtundu womwewu, n'chifukwa chake ikachita maluwa achikasu aja mumamva kulira kwa abemberezi m'mwamba.

Magalagadeya ndiye umboni woposa. Duwa lake ndi lalikulu, ndipo mbali zake zachimuna ndi zachikazi zili m'mwamba, zoweramira pansi ngati ambulera, pamene timadzi totsekemera tili pansi pakati. Njuchi yaing'ono imalowa n'kutuluka osakhudza kumwambako, kapena imangokolola mungu n'kupita nawo kumng'oma. Bemberezi, chifukwa cha kukula kwake, akamazungulira kufuna timadzito msana wake umakhula mbali zonse ziwiri. Amatuluka msana uli mbuu ndi mungu, n'kukausiya pa duwa la mtengo wina. Duwa la magalagadeya limatseguka tsiku limodzi lokha. Mtundu wachikasu, umene umakonda malo otentha, sugwira chipatso ndi mungu wa mtengo womwewo, ufuna wochokera ku mtengo wina. Tsikulo likadutsa wonyamula osafika, duwalo limafota n'kugwa. Ku Brazil, dziko limene limalima magalagadeya ambiri zedi, minda yambiri ikuluikulu inapezeka kuti abemberezi achepa chifukwa nkhalango zozungulira zinadulidwa ndiponso mankhwala anachuluka. Alimi kumeneko amalemba anthu aganyu oyenda duwa ndi duwa masana, kupaka mungu ndi zala. Ena amaika zipika ndi mabokosi amatabwa m'minda kuti abemberezi abwerere. Ntchito imene ife timaichitiridwa ulere, anzathu akuilipira ndi ndalama.

Tibwerere kwathu, ku minda ya nandolo ya ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu, Zomba ndi Balaka, ndi ku khobwe, nyemba ndi nkhungudzu zimene zili m'munda wa pafupifupi mayi aliyense. Duwa la mbewu za m'gulu la nyemba ndi lotsekeka. Mbali zake zoberekera zabisika m'kachikwama kapansi, ndipo kamatseguka pokhapokha chinthu cholemera chikaterapo n'kukankha. Bemberezi ali nako kulemerako. Tinene zoona zake: nyemba, khobwe ndi nandolo zimatha kudziberekera zokha duwa lisanatseguke n'komwe, choncho sitinganene kuti popanda bemberezi sitingakolole. Koma ofufuza ku Cameroon ndi kummawa kwa Africa, atayerekeza maluwa ophimbidwa ndi maluwa ofikiridwa ndi njuchi zikuluzikuluzi, anapeza kuti ofikiridwawo amagwira makoko ambiri ndiponso odzaza bwino. Kwa mayi amene nandolo ndiye ndiwo za ana ndiponso ndalama ya yunifolomu, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Sindikufuna kumuyeretsa bemberezi kuposa mmene alili. Akapeza duwa lalitali limene lilime lake silingafike pansi, amaboola m'mbali n'kumwa timadzi osakhudza mungu, ngati munthu wolowera pawindo. Ndiponso phaso limene mibadwo yambiri yakhala ikuonjezeramo ngalande limafooka ndithu, ndipo mbalame ya gogomole ikamva mphutsi m'katimo imadzaswa thabwalo n'kuonjezera chiwonongeko. Mayi amene anagula mapaso ndi ndalama ya mtedza wake ali ndi chifukwa chodandaulira. Komabe tiyeze zinthu pa muyezo wolungama. Bowo limodzi kapena awiri sagwetsa nyumba. Nyumba zathu zambiri zimagwa ndi chiswe chimene sichilira n'komwe, ndi madenga odontha amene tawalekerera.

Ndime yathu yachitatu, Deuteronomo 25:4, ndi lamulo lalifupi lokhudza ng'ombe yopuntha tirigu. Aisraeli ankayendetsa ng'ombe pa dwale kuti iponde ngala, ndipo mwini munda wouma mtima ankatha kuimanga pakamwa kuti isadyeko. Mulungu analetsa zimenezo. Ng'ombeyo idyadi tirigu wina, ndipo mwini munda ataya kanthu. Koma Mulungu anaona kuti si chilungamo kulandira thukuta la cholengedwa n'kuchimana kagawo kake kakang'ono. Bemberezi amagwira ntchito m'munda mwathu kuyambira m'mawa, salandira ganyu, sapempha chimanga, safuna mng'oma woti timupachikire. Chimene amafuna ndi kachidutswa ka mtengo wouma koti aleleremo ana. Vuto lathu ndi lakuti kagawo kake timakaona, chifukwa kali pakhonde pamene timasesa tsiku ndi tsiku, pamene ntchito yake sitiiona, chifukwa imachitika kumunda ife tili kuchigayo, ndipo chipatso chikabwera timati ndi mvula yabwino kapena feteleza.

Ndime yachiwiri ija, Deuteronomo 22:6-7, ikunena za munthu amene wapeza chisa cha mbalame panjira, make atafungatira. Lamulo likumulola kutenga anawo ngati akufuna chakudya, koma make amusiye apite. Chodabwitsa n'chakuti lamulo laling'ono chonchi lamangiriridwa ku lonjezo la kukhala bwino ndi masiku ambiri, lonjezo lofanana ndi la pa lamulo lolemekeza atate ndi amayi pa Deuteronomo 5:16. Mulungu akuphunzitsa anthu ake kuti pogwiritsa ntchito chilengedwe asaphe gwero. Make akatsala, chaka chamawa kudzakhalanso chisa. Pa Genesis 2:15 munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja, kulima ndi kusunga, ndipo ife tagwiritsa yoyambayo n'kutaya yachiwiri. Mpingo wathu wa Anglican unalivomereza poyera phunziro limeneli mu 1990, pamene bungwe la Anglican Consultative Council linaonjezera chizindikiro chachisanu pa zizindikiro za utumiki wa Mpingo, chonena za kuteteza chilengedwe ndi kusamala moyo wa dziko lapansi. Ambiri tikamva chizindikiro chimenechi timaganiza za kudzala mitengo pa tsiku la mwambo, atsogoleri atavala bwino. Mtengo wouma umene uli ndi kabowo nawonso uli m'chizindikiro chomwecho.

Ndipo nkhani iyi ili m'manja mwa amayi kuposa wina aliyense. Ndani amatola nkhuni? Ndani amathirira dimba la phwetekere? Ndani amasesa pakhonde n'kupeza utuchi? Zimene zikuchepetsa abemberezi ndi zinthu za tsiku ndi tsiku: nthambi zouma zonse zathera pamoto ndi m'mauvuni a makala, tchire likutenthedwa chaka ndi chaka ndi osaka mbewa, ndipo mankhwala ophera tizilombo akupoperedwa dzuwa lili pamutu, maluwa ali otseguka. Mankhwala amene amapha nsabwe za m'masamba ndi mbozi sasankha. Amapha ndi wonyamula mungu yemwe, kapena iye amatengera mungu wapoizoni kukaumbira ana ake mtanda.

Ndikudziwa kuti kunena za kusiya nkhuni n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi mbaula yamagetsi. Pali amayi pakati pathu amene amadzuka tambala woyamba, kuyenda mtunda wautali kuti apeze mtolo umodzi, ndipo ena akuphikira zitsononkho ndi mapesi. Mayi wotere sindingamuuze kuti ana agone ndi njala chifukwa cha njuchi. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono, cholingana ndi lamulo la chisa lija: mwa nkhuni zonse za mtolo, chikuni chimodzi chimene chili ndi bowo lozungulira ndi utuchi watsopano pakhomo pake, chimenecho chisiyeni, kapena chinyamuleni mukachiike pamthunzi pafupi ndi dimba lanu m'malo mochiika pamoto. M'menemo muli ana amoyo.

Mtumwi Paulo atatenga lamulo la ng'ombe lija pa 1 Akorinto 9 ndi pa 1 Timoteo 5:18, analitembenuzira kwa anthu, ndipo nafenso tisaope kutero. M'magulu mwathu timadziwa kuyamika amayi a uchi: amene chopereka chawo chimamveka powerenga, amene amabweretsa nkhuku tsiku la alendo, amene amatsogolera nyimbo. Ayamikidwe ndithu. Koma alipo amayi ena amene timawadziwira pa utuchi wawo. Sanamalize ndalama ya pamwezi. Yunifolomu yawo yasuluka. Amafika mochedwa, mwana kumbuyo, wina kudzanja, ndipo nthawi zambiri ndiwo amene gulu liyenera kuwasonkhera. Ena ndi amasiye, ena anathawidwa, ena ndi agogo amene akulera zidzukulu za ana awo amene anatsogola. Amamanga okha, amatuta okha, amaumba mtanda wa mwana aliyense okha. Tikakhala pa komiti timawerenga zimene atidyera. Koma funsani kuti ndani anagona kuchipatala masiku anayi ndi mnzathu wodwala amene abale ake anali kutali. Funsani kuti ndani amafika woyamba pasiwa n'kutsala kutsuka miphika anthu onse atabalalika, ndani anayanjanitsa banja lija limene linatsala pang'ono kutha popanda kukauza munthu. Nthawi zambiri ndi omwewo. Amayenda khomo ndi khomo ngati duwa ndi duwa, ndipo zipatso zikaoneka m'parishi, dzina lawo silitchulidwa mu lipoti la pachaka. Paulo yemweyo pa 1 Akorinto 12 anati ziwalo za thupi zooneka zofooka ndizo zimene thupi silingachite popanda izo. Amayi atsogoleri a nthambi, musanafufute dzina la mayi m'kaundula chifukwa cha ngongole ya miyezi itatu, yambani mwapita kumunda kwake kwa ntchito mukaone chimene akubereketsa.

Anthu a ku Nazarete nawo anapunthwa pa chinthu chofanana. Pa Marko 6 tikumva kuti Ambuye ataphunzitsa m'sunagoge wa kwawo, anthu anakhumudwa naye chifukwa ankamudziwa ngati mmisiri wa matabwa, mwana wa Mariya. Sindikufanizira Ambuye wathu ndi kachilombo, ayi. Ndikunena za maso athu. Anthu aja anali atamuona zaka zambiri ali ndi utuchi m'zovala, ndipo anaganiza kuti amudziwa yense. Marko akuti chifukwa cha kusakhulupirira kwawo, zamphamvu zimene zinachitika m'mudzimo zinali zochepa.

Tsono tichite chiyani ndi phaso lathu? Nyumba tiyenera kuiteteza, ndipo njira ilipo yosafuna kupha. Bemberezi sakonda mtengo wopakidwa utoto kapena vanishi. Mapaso, mafelemu ndi nsanamira zikapakidwa bwino, makamaka kunsi ndi kumapeto kumene thabwa linadulidwa, nthawi zambiri amapita kwina. Mabowo akale atsekeni ndi kamtengo kapena phala la utuchi ndi guluu, koma yambani mwaonetsetsa kwa masabata angapo kuti palibe wolowa ndi kutuluka ndiponso palibe utuchi watsopano, kuti musatsekere ana m'kati. Mukatseka, pakani utoto pamwamba, chifukwa bowo losiyidwa lotseguka limaitana wina chaka chamawa.

Mukamutsekera khomo limodzi, mutsegulireni lina. Chipika chouma cha mtengo wofewa, mtengo wa duwa la khonje, kapena nsungwi zingapo zokhuthala, zimangirireni pamalo okwera pang'ono kuti chiswe ndi madzi zisafike, pamthunzi, pafupi ndi dimba kapena mpanda wa magalagadeya koma kutali ndi pamene ana amasewera. Sadzabwera tsiku lomwelo, ndipo mwina chaka choyamba chidzadutsa, koma akalowa mmodzi ana ake amakonda kukhazikika pomwepo. M'mphepete mwa munda musalime mpaka kumalire. Siyani kamzere ka zitsamba ndi maluwa akutchire, kapena dzalanimo ombwe ndi nandolo, kuti pakhale chakudya chawo miyezi imene mbewu zathu zilibe maluwa. Lamulo la pa Levitiko 19 losiya m'mphepete mwa munda linaperekedwa chifukwa cha osauka ndi alendo, ndipo sindikulisintha tanthauzo, koma mtima wosakokolola zonse ndi womwewo.

Za mankhwala, funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanagule, ndipo muwerenge zolembedwa pabotolo. Ngati kupopera n'kosapeweka, poperani madzulo dzuwa litapendeka kwambiri, njuchi zitabwerera kwawo, ndipo pewani kupopera mbewu zili pachimake cha maluwa. Ngakhale mankhwala opanga tokha a masamba a ombwe kapena nimu apoperedwe madzulo, pakuti nawonso ndi mankhwala. Achinyamata athu a Sande Sukulu tiwaphunzitse kusiyanitsa wamwamuna ndi wamkazi, ndi kuti asamapise zala kapena timitengo m'mabowo.

Kuyambira mu 2018, pa 20 May chaka chilichonse mayiko amakumbukira tsiku la njuchi, potsatira chigamulo cha bungwe la United Nations cha mu 2017. Kwathu kuno nyengo imeneyo mvula imakhala italeka ndipo nandolo akuyandikira maluwa. Nthambi zimene zili ndi munda wa gulu zikhoza kuchita msonkhano umodzi kumundako nandolo akachita maluwa, m'mawa dzuwa litayamba kutentha, aliyense akhale chete pafupi ndi phata limodzi kwa mphindi khumi, aone amene akufika pa maluwawo ndi chimene akuchita, kenaka muwerenge Yobu 12 pomwepo. Ndipo kumene denga la tchalitchi kapena nyumba ya wansembe yayamba kugwa utuchi, amayi a komiti akambirane ndi akuluampingo kuti ndalama imene ikanagula mankhwala igule chitini cha utoto, mapaso apakidwe mvula isanayambe, ndipo chipika chimodzi chouma chiikidwe kuseri, cha kumpanda.